Kupirira kwa Amayi a M'makomboni a Lusaka

Amene anajambula mapulani a mzinda wa Lusaka sanaganizeko zoti mudzakhala akazi achikuda. Njanji itafika pamalopo mu 1905 panali kasiteshoni chabe pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, ndipo malo ozungulira anagawidwa kukhala mafamu a azungu. Boma la atsamunda litasamutsa likulu la Northern Rhodesia kuchoka ku Livingstone mu 1935, linamanga maofesi, misewu ya mitengo m'mbali ndi nyumba zikuluzikulu za azungu. Munthu wakuda ankayesedwa mlendo wodzagwira ntchito, woyenda ndi chitupa m'thumba, woti ntchito ikatha abwerere kwawo. Nyumba inkabwera ndi ntchito, ndipo ntchito inali ya amuna. Ngakhale kuphika, kuchapa ndi kusita m'nyumba za azungu, ambiri olembedwa anali amuna.

Akazi ankabwerabe. Ena ankachokera ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata, ena ku Petauke, Katete ndi Lundazi, ena ku Nyasaland, kuwonjezera pa Asoli ndi Alenje omwe ndi eni nthaka. Mafumu a kumidzi sankafuna kuti akazi athawire m'tauni, chifukwa mudzi wopanda akazi sulima ndipo anyamata opita kuntchito sabwererako. Atsamunda nawo sankafuna mabanja okhazikika m'mizinda. Awiriwa anamvana: mkazi woyenda yekha azikhala ndi chilolezo, mkazi wokhala m'tauni azionetsa kalata ya ukwati, ndipo wopezeka alibe ankatha kukwezedwa galimoto n'kubwezedwa kumudzi. Choncho kuyambira pachiyambi, denga la mkazi wa ku Lusaka linali m'manja mwa mwamuna. Banja likatha, nyumba yatha, ndipo chilolezo chokhala m'tauni nacho chatha.

Kuti timvetse kulemera kwa zimenezi tiyenera kukumbukira kumene amayi ambiriwa ankachokera. Pakati pa Achewa ndi Ansenga, mwamuna ndiye ankapita kukakhala kwa mkazi pachikamwini. Munda unali wa kuchikazi, ana anali a mbumba ya mayi awo, ndipo mwinimbumba anali mlongo wake wa mkaziyo kapena malume ake. Mkamwini waulesi kapena wankhanza ankaitanidwa pamaso pa ankhoswe, akapanda kusintha ankauzidwa kuti anyamule zake azipita. Sindikunena kuti kumudzi kunali mtendere wokhawokha. Atsikana ankakwatiwa akadali aang'ono, anamkungwi ankawalangiza kumvera ndi kusunga chinsinsi cha m'nyumba, ndipo kwa Angoni ndi Atumbuka, kumene ng'ombe za malowolo zinkasamutsa mkazi, kuchoka pabanja kunali kovuta. Komabe mkazi wolangizidwa kupirira anali ndi anthu omuona tsiku ndi tsiku. Akagona ndi njala amayi ake ankadziwa. Akamenyedwa usiku, mudzi wonse unkamva, m'mawa nkhani ili pabwalo.

Ku Lusaka malangizo anafika onse osatsalako limodzi, koma munda, malume ndi bwalo zinatsala kumudzi. Mbiri yonse ya amayi a m'makomboni yagona pa kusiyana kumeneku.

Makomboni ambiri anamera pa malo a eni mafamu ndi makontilakitala omwe ankalola antchito awo kumanga tinyumba, kenaka n'kuyamba kulipiritsa aliyense wofuna pokhala. Mayina akusimbabe zimenezi: George, John Laing, John Howard. Chawama poyamba ankatchedwa komboni ya Roberts. Kanyama inakula pa malo amiyala ya laimu, pamene madzi ali pafupi kwambiri ndi nthaka, n'chifukwa chake mvula ikagwa kumasefukira mpaka lero. Matero ndi yosiyana pang'ono: inamangidwa ndi khonsolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, lamulo la 1948 litavomereza kuti antchito okwatira nawonso apatsidwe nyumba. Koma khadi la nyumbayo linkalembedwa dzina la mwamuna.

Mayi wa nthawi imeneyo analibe ntchito yolembedwa, komabe malipiro a mwamuna sankafika kumapeto kwa mwezi. Ankalima timinda m'mphepete mwa komboni, kugulitsa ndiwo, ndipo koposa zonse ankafulula mowa. Boma linkaletsa kufulula chifukwa khonsolo inali ndi mabala ake, omwe phindu lake linkayendetsa ntchito za m'malokesheni. Apolisi ankalowa m'makomo, kutaya mowa ndi kumanga ofulula. Mu 1954 amayi a ku Lusaka anatuluka gulu kukatsutsa zimenezi kwa akuluakulu a boma. Patapita zaka 6, mu 1960, nduna ya ku Britain yoona za maiko olamulidwa, Iain Macleod, itafika ku Lusaka, Julia Chikamoneka ndi anzake anavula mabere ali pamtunda pamaso pake, chomwe mwa mwambo wathu ndi mkwiyo wotsiriza wa mayi. Amayi omwewa ndi amene ankasonkha ndalama, kuphikira misonkhano ndi kubisa anyamata ofunidwa ndi apolisi. Wina akamanena kuti kukhala chete ndi chibadwa cha mkazi wa kuno, akumbutsidwe zaka zimenezi.

Ufulu unabwera pa 24 Okutobala 1964, zoletsa kuyenda zinachotsedwa, ndipo anthu anakhamukira mumzinda. Mu 1963 Lusaka inali ndi anthu pafupifupi 123,000. Pofika 1969 anapitirira 260,000, ndipo mu 1980 anali oposa 530,000. Nyumba za khonsolo sizikanakwana. Mtendere inatsegulidwa mu 1967 ngati malo oti anthu azipatsidwa mapuloti n'kumadzimangira okha, makamaka ochokera ku Kalingalinga, ngakhale kuti Kalingalingayo sinathe. Mu 1974 boma linavomereza makomboni mwalamulo, ndipo ndi ngongole ya World Bank linayamba kuika mipopi ndi misewu ku George, Chawama, Chaisa ndi kwina. Njerwa za nyumbazo zinkaumbidwa ndi madzi otungidwa ndi akazi, ndipo ndalama za malata nthawi zambiri zinkachokera pamsika.

Chipani cholamula cha UNIP chinawapatsa amayiwa malo, koma malo ake anali oimba, kuvina ndi kulandira alendo pabwalo la ndege. Nthambi ya amayi m'chipanicho inkalalikira ulemu kwa mwamuna ndi kudzudzula atsikana ovala zazifupi, ndipo panali nthawi zina pamene apolisi ankagwira akazi opezeka usiku popanda mwamuna. Benchi la pamsika linkafuna khadi la chipani. Mayi amene anamenyera ufulu anapezeka kuti tsopano ayenera kukhulupirika kuwiri, kwa mwamuna kunyumba ndi kwa chipani kunja, ndipo konseko wofunsa mafunso ankatchedwa wamwano.

M'makomboni mitundu inasakanikirana, nawo miyambo ya ukwati inasakanikirana. Alangizi a Chinyanja ndi banachimbusa a Chibemba anayamba kugwira ntchito imodzi, nthawi zambiri molipidwa, kulangiza mtsikana amene sanamuone akukula ndipo sadzamuonanso ukwati ukatha kuchitika. Chinamwali cha milungu ingapo chinafupika kukhala masiku ochepa. Kunabwera phwando la kitchen party, kumene mkwatibwi amakhala pansi atafunda chitenje, maso pansi, amayi akumupatsa mapoto ndi malangizo. Zambiri zophunzitsidwa n'zabwino ndithu: ukhondo, kulandira alendo, kulemekeza apongozi, kusamala ndalama. Koma pakati pake pali mfundo zitatu zimene zapweteka amayi osawerengeka. Mwamuna sakanizidwa kuchipinda. Za m'nyumba sizituluka panja. Ndipo mwamuna akayenda, usadandaule, poti mwamuna ndi tonde. Abemba nawo ali ndi mwambi wawo woti chigololo cha mwamuna sichipasula banja. Anthu a ku Lusaka anafika potcha ukwati kuti Shipikisha Club, bungwe la opirira, ndipo amene amatchula dzinali kawirikawiri ndi akazi eniake.

Malowolo nawo anasintha nkhope. Mitundu imene kale inkangopereka nkhuku, khasu kapena kandalama kochepa inayamba kutchula ndalama zambiri, potengera anzawo a ng'ombe. Ndalamazo zimadyedwa msanga. Mwana wamkazi akabwera usiku ndi nkhope yotupa, makolo amadziwa kuti banja likatha akuchimuna akhoza kufuna zawo, ndipo m'nyumba ya zipinda ziwiri mulibe pogona iye ndi ana ake. Amamusambitsa, kumupatsa chakudya, m'mawa n'kumuuza kuti, "Bwerera mwanawe, ifenso tinapirira." Mayi wonena mawu amenewa sadana ndi mwana wake. Amanena chifukwa iyenso anauzidwa chomwecho, ndiponso chifukwa alibe china chomupatsa.

Karen Tranberg Hansen anayamba kufufuza za moyo wa ku Mtendere mu 1971 ndipo anabwererako kwa zaka zoposa 20. Anapeza kuti amuna ambiri sankauza akazi awo malipiro awo. Ankangopereka ndalama ya ndiwo, yotsalayo n'kukhala yawo. Mkazi akayamba kageni, mwamuna nthawi zina ankachepetsa ngakhale yochepa ija. Ann Schlyter, amene anatsata komboni ya George kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, analemba za amayi osakwatiwa, osudzulidwa ndi amasiye omwe anadzimangira nyumba chipinda chimodzi chimodzi, n'kumachititsa lendi kuti aphunzitse ana. Amayi otere anthu ankawanyoza, komabe anali ndi chinthu chimene okwatiwa ambiri analibe: khomo loti palibe angawathamangitsepo.

Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, chuma cha Zambia chinayamba kutsetsereka. Amayi ankadzuka usiku kukaima pamzere wa unga, sopo ndi mafuta ophikira. Mu Juni 1990 mtengo wa unga utakwezedwa, ku Lusaka kunabuka zipolowe ndipo anthu anafa. Boma la chipani cha MMD litalowa mu 1991, makampani a boma anagulitsidwa, amuna zikwizikwi anachotsedwa ntchito, ndipo zipatala zinayamba kulipiritsa. Mabanja sanafe ndi njala chifukwa akazi anatuluka. Anapita ku Soweto Market mbandakucha kukapikula tomato ndi repu, anatsegula timagolosale ta tuntemba pakhomo, anakazinga vitumbuwa, anagulitsa zovala za salaula, anapima unga m'timapepala ta pamela. Ku Kalingalinga ndi ku Kanyama anakhala padzuwa tsiku lonse akuphwanya miyala ndi hamala, mwana ali kumsana, fumbi likulowa m'chifuwa. Pantchito zokonza misewu ndi ngalande zolipidwa chakudya, za pulogalamu ya PUSH, ambiri ogwira anali akazi. Madzulo mayi yemweyo ankagwada popereka madzi osamba m'manja kwa mwamuna amene wakhala tsiku lonse osagwira kanthu, ndipo ankasamala kuti anthu asadziwe kuti wodyetsa banja ndi iye, kuopa kumuchotsera ulemu bamboyo.

Kenaka kunabwera edzi, ndipo apa mpamene malangizo aja anasanduka imfa. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza dziko poyera kuti mwana wake anamwalira ndi matendawa, koma m'makomboni anthu anapitiriza kunong'ona. Mkazi ankadziwa bwino lomwe kumene mwamuna wake amagona, koma analangizidwa kuti asakane, ndipo kutchula kondomu m'banja kunali ngati kudziulula kuti ndiwe woyendayenda. Ofufuza amene anayeza maanja ku Lusaka kwa zaka zambiri anasonyeza mu 2008 kuti oposa theka la akuluakulu otenga kachilomboka m'mizinda ya Zambia ankakatengera m'banja kapena kwa munthu amene akukhala naye. Akazi ambiri okhulupirika anaikidwa m'manda ku Chingwere ndi ku Leopards Hill chifukwa chomvera.

Odwala atachuluka mpaka chipatala chachikulu cha UTH kulephera, anabwezedwa kunyumba. Mipingo inakhazikitsa magulu osamalira odwala kumakomo, ndipo ambiri mwa odziperekawo anali akazi osauka omwe nawonso anali ndi odwala kwawo. Ankasambitsa, kuchapa zofunda, kutembenuza odwala, kawirikawiri popanda magolovesi ndiponso popanda malipiro. Agogo okalamba anayambanso kulera makanda. Atsikana anasiya sukulu kuti adwazike makolo. Boma ndi mabungwe ankatamanda mtima wa amayiwa m'misonkhano, koma anautenga ngati nkhokwe yongotapamo, yosafuna kuikamo kanthu. Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kufika m'makiliniki a m'makomboni mu 2004, vuto lina linaonekera. Mu 2007 bungwe la Human Rights Watch linafalitsa lipoti losimba za amayi a ku Lusaka ndi ku Copperbelt omwe ankabisa mapiritsi awo m'thumba la unga ndi malo ena, kumwa mobisa kapena kudumphitsa masiku, poopa kumenyedwa kapena kuthamangitsidwa ndi amuna omwe mwina ndiwo anawapatsira.

Mphotho ya kupirira konseku inkaoneka pa tsiku la maliro. Mayi amene wadwazika mwamuna zaka ziwiri ankakhala pansi m'nyumba atafunda, osaloledwa kuyankhula, pamene achibale a malemu akuwerenga mipando, wailesi, mbaula ndi malata. Mwambo wa kumudzi woti chuma cha mwamuna chipite kwa abale ake unali ndi tanthauzo kumene mkazi anali ndi munda wake ndi abale ake pafupi. M'tauni unasanduka kulanda. Mabungwe a amayi anamenya nkhondo yaitali mpaka mu 1989 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la chuma cha masiye: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa ena odalira malemu, ndipo wamasiye akhale m'nyumba mpaka atakwatiwanso kapena kumwalira. Lamulolo lilipo, koma amasiye ambiri sanapite kukhoti. Ankaopa kulodzedwa, ankaopa kunenedwa kuti ndiwo anapha mwamuna, ndipo analeredwa kuti mkazi wabwino salimbana ndi akuchimuna.

Malamulo ena anatsatira. Apolisi anatsegula nthambi ya Victim Support Unit m'zaka za m'ma 1990. Mu 2000, pamlandu wa Chibwe, khoti lalikulu kwambiri m'dzikolo linagamula kuti mkazi wokwatiwa mwamwambo naye ayenera kulandira gawo la chuma banja likatha. Mu 2011 kunabwera lamulo lothana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, lomwe limatchulanso kulanda chuma ndi kukakamiza wamasiye kugonedwa pomuchotsa fumbi. Mu 2016 ku Kabwe ndi ku Lusaka kunatsegulidwa makhoti ozenga milandu yotere mwachangu. Komabe apolisi ndi oweruza amadziwa chimene chimachitika kawirikawiri: mayi amadandaula Lolemba, pofika Lachinayi wabwera ndi apongozi kudzachotsa mlandu, chifukwa womangidwayo ndiye amalipira lendi, ndipo abale onse amuuza kuti wachititsa manyazi banja.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti akazi 36 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anachitiridwapo nkhanza zomenyedwa, ndipo oposa theka la ochitiridwa nkhanza sanapemphe thandizo kulikonse. Chiwerengero chimene chimandiwawa kwambiri ndi china. Akazi 46 mwa 100 anavomereza kuti pali zifukwa zina zimene mwamuna angamenyere mkazi wake, monga kutsutsana naye, kumukaniza kuchipinda kapena kupsereza ndiwo. Amuna ovomereza zomwezo anali 26 mwa 100. Akazi ndiwo akhulupirira kwambiri kuti ayenera kumenyedwa kuposa omenyawo. Umu ndi mmene chiphunzitso chinalowera. Chotonthoza n'chakuti mu kafukufuku wa 2001 ndi 2002 akazi ovomereza anali 85 mwa 100, choncho maganizo amenewa amasintha, ndipo asintha m'badwo umodzi wokha.

Mabala ena saoneka. Magna Aidoo ndi Trudy Harpham anacheza ndi amayi a ku Mtendere ndipo mu 2001 analemba kuti amayiwo ankadandaula za mavuto a m'maganizo omwe gwero lake ankati ndi umphawi ndi mavuto a m'banja, koma sankawaona ngati matenda oti n'kupita nawo kuchipatala. Amene amafika kukiliniki amanena za mutu, kugunda kwa mtima, kusowa tulo ndi BP. Kutchula Chainama, chipatala cha matenda a maganizo, anthu amaopa, poti kumeneko amati n'kwa amisala. Ku America nako, Cheryl Woods-Giscombé analemba mu 2010 za akazi achikuda omwe amaleredwa kuti azioneka olimba nthawi zonse, azibisa zowawa, asapemphe thandizo ndipo aziika ena patsogolo, n'kusonyeza mmene zimenezi zimawadwalitsira. Mbiri yawo ndi yosiyana ndi yathu, koma thupi la munthu ndi limodzi: chimene pakamwa pakanizidwa kunena, mutu ndi mtima zimasenza.

Ndipo katundu wa kunja sanapepuke. Anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse a mu Lusaka amakhala m'makomboni. Kolera itabuka mu Okutobala 2017, Kanyama inali pakati pa madera okhudzidwa kwambiri. Mu Januwale 2018 boma linaletsa kuyenda usiku kumeneko ndi kuthamangitsa ogulitsa m'misewu, ambiri a iwo akazi. Itabukanso mu 2023 ndi 2024, bwalo la masewero la Heroes linasandutsidwa chipatala. Wotunga madzi, wochapa matewera, wodwazika ndi wotaya geni yake pa nthawi zoterezi ndi munthu mmodzi yemweyo.

Pali kukhulupirika kwina kumene amayi a m'makomboni anadzipangira okha, ndipo kumeneko sikunawapweteke. Chilimba, kumene amasonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana, chagula mapuloti ndi kulipira sukulu. Magulu a amayi a m'mipingo a Lachinayi, a Chigwirizano, Umanyano, Dorika, Anna Woyera ndi ena, ndiwo amafika koyamba pamaliro ndi kutsala komaliza. M'magulu amenewa wopereka lero amalandira mawa, ndipo wolephera kubweza amafunsidwa. Ukwati wa makolo athu unali ndi lamulo lomweli: mkamwini ankalangizidwa naye, ndipo ankhoswe anali a mbali zonse ziwiri. Alangizi ena a ku Lusaka ayamba kale kulangiza mwamuna ndi mkazi pamodzi ndi kunena poyera kuti kumenya si chikondi.

Kwa inu amayi athu alangizi, ndi inu ankhoswe, abusa ndi makolo a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George: pomulangiza mwana wamkazi kupirira, muuzeninso pamene kupirira kumathera, ndipo mumutchulire khomo limene angagogode usiku osabwezedwa. Mkamwini naye akhale pamphasa amve zake. Ngati mwana wanu wabwera atavulazidwa, mperekezeni kuchipatala ndi ku Victim Support Unit musanaitane akuchimuna. Nambala ya 933 ndi yaulere pa foni, ndipo ndi ya aliyense amene akuchitiridwa nkhanza m'banja.